Mapu Ojambula Pamodzi: Zimene Sukulu Zaphunzira pa Kuganiza M'gulu

M'chaka cha 2005 boma la Panama linayamba kuitana aphunzitsi a sukulu zapulaimale, gulu ndi gulu, kuti adzakhale pansi masabata awiri n'kuphunzira ntchito yatsopano. Anali aphunzitsi a makalasi 4, 5 ndi 6. Ena anachokera mumzinda waukulu wa Panama City, ena kumidzi yakutali kumene magetsi ndi intaneti zinayenera kufika kaye ntchito isanayambe, ndipo ochuluka ndithu anali asanagwirepo kompyuta chibadwire. Pulezidenti Martín Torrijos anali atangolowa m'boma mu 2004, ndipo nthambi ya mu ofesi yake yoona za njira zatsopano zogwirira ntchito, motsogozedwa ndi Gaspar Tarté, inagwirizana ndi unduna wa zamaphunziro kuti alumikize sukulu zaboma 1,000. Ntchitoyo anaitcha Conéctate al Conocimiento.

Mayiko ambiri anagawapo makompyuta m'sukulu. Panama inasiyana nawo chifukwa inasankhiratu chochita ndi makompyutawo. Ana ankayenera kujambula mapu a zimene akudziwa: timabokosi tokhala ndi mawu, tolumikizidwa ndi timizere, ndipo pa kamzere kalikonse n'kulembapo mawu osonyeza ubale wa kabokosi aka ndi ako. Mapuwo ankasungidwa pa seva ya sukulu, kotero kuti mwana wa kalasi ina, ngakhale wa sukulu ya chigawo china, ankatha kuwatsegula, kusiyapo ndemanga kapena kuwonjezerapo zake.

Asanayambe kuphunzitsa, oyendetsa ntchitoyi anafunsa aphunzitsi aja ngati anamvapo za mapu oterewa. Pafupifupi onse anati amawadziwa, ndipo ambiri ankawagwiritsa ntchito kale m'kalasi. Koma kafukufuku amene Norma Miller anachita pamodzi ndi Alberto Cañas ndi Joseph Novak anaonetsa mmene ankawagwiritsira: mphunzitsi ankajambula yekha mapu pa bolodi, ana n'kukopera m'makope, n'kukaloweza pamtima podikira mayeso.

Vuto limeneli likadalipo paliponse pamene sukulu, makoleji ndi mayunivesite akugula mapulogalamu ojambulira mapu a maganizo pofuna kuti ophunzira azigwirira ntchito limodzi. Pulogalamu ikhoza kukhala yokongola, yothamanga, yolola anthu makumi atatu kulemba nthawi imodzi. Phindu lake limadalira funso limodzi lokha: akujambula ndani, ndipo akukangana ndi yani pojambulapo?

Anthu awiri, mapu a mitundu iwiri

Mapu amenewa alipo a mitundu iwiri, ndipo anthu amaisokoneza kawirikawiri. Mtundu woyamba unachokera kwa Joseph Novak wa pa yunivesite ya Cornell ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, iye ndi gulu lake ankaphunzitsa sayansi ana a makalasi 1 ndi 2 m'sukulu za mumzinda wa Ithaca pogwiritsa ntchito matepi, ndipo anakonza zowatsata anawo kwa zaka 12 kuti aone mmene kamvedwe kawo kakusinthira. Ankacheza ndi mwana mmodzimmodzi n'kulemba zonse zimene wanena. Posakhalitsa mapepala anaunjikana mulu, ndipo kunali kovuta kutola m'mulumo chimene chasintha m'mutu mwa mwana kuchokera chaka chatha. Mu 1972 anapeza njira yotulukira. Ankatenga mfundo zikuluzikulu m'zonena za mwanayo, kuziika m'timabokosi, n'kuzilumikiza ndi mawu ochepa. Zokamba zodzaza masamba ambiri zinkakwana pa tsamba limodzi, ndipo pamene mwana wasokoneza pankaonekera poyera. Zotsatira za kafukufuku wa zaka 12 uja zinasindikizidwa mu 1991 ndi Novak ndi Dismas Musonda.

Novak anamanga ntchito yake pa maganizo a katswiri wa kaganizidwe ka munthu David Ausubel, amene ankaphunzitsa kuti chinthu chatsopano chimakhazikika m'mutu chikapeza pokolekera pa zimene munthu akudziwa kale. Choncho mphunzitsi ayenera kuyamba wadziwa zimene zili kale m'mutu mwa wophunzira. Mapu anali njira yoziona.

Mtundu wachiwiri unatchuka ndi Tony Buzan wa ku Britain, amene mu 1974 anaufalitsa kudzera pa pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya BBC yotchedwa Use Your Head. Amenewa ndi amene pa Chingerezi amati mind map. Mutu wa nkhani umakhala pakati pa tsamba, nthambi zimatambasukira mbali zonse, nthambi iliyonse ili ndi liwu limodzi, mtundu wakewake ndi tizithunzi. Ndi abwino kwambiri posonkhanitsa maganizo mofulumira, pokonza nkhani yolemba, kapena pogawana ntchito.

Munthu akamagwira ntchito yekha, kusiyana kwa mitundu iwiriyi sikuoneka kwenikweni. Pagulu n'kwakukulu. Taganizirani ana anayi a Fomu 1 amene apatsidwa mutu wa zomera. Pa mapu a nthambi angalembe "zomera" pakati, n'kutulutsa nthambi za "nthaka", "madzi", "dzuwa" ndi "chakudya", onse n'kuvomerezana, n'kupereka ntchito kwa aphunzitsi. Palibe angadziwe kuti awiri mwa iwo amakhulupirira kuti chimanga chimayamwa chakudya chake m'nthaka, pamene enawo akudziwa kuti masamba ndiwo amachipanga mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Pa mapu a Novak sangazembe. Pakati pa "zomera" ndi "chakudya" pali kamzere kofuna mawu, ndipo wina ayenera kulembapo "zimapeza" kapena "zimapanga". Akangolemba, mnzake atsutsa, ndipo phunziro lenileni layamba.

Cholembera chimodzi, anthu asanu ndi mmodzi

Aliyense amene anadutsa m'kalasi amaidziwa ntchito ya m'magulu. Aphunzitsi akati khalani asanu ndi mmodzi, pepala lalikulu limakhala limodzi, cholembera chimodzi. Amene amalemba bwino ndiye mlembi, amene ali ndi mawu okwera ndiye wapampando, awiri amathandizako, awiri amangoyang'ana. Zimene zalembedwa sizifufutika, ndiye palibe amafuna kuononga pepala posintha maganizo.

Vutoli si ulesi chabe. Mu 1987 akatswiri awiri a ku Germany, Michael Diehl ndi Wolfgang Stroebe, anaonetsa kuti anthu okambirana pagulu amatulutsa maganizo ochepa poyerekeza ndi anthu ochuluka chimodzimodzi amene aliyense walemba payekha. Chifukwa chachikulu chimene anapeza chinali kudikirana. Pamene wina akulankhula, enawo amagwira ganizo lawo m'mutu mpaka limatayika, kapena amaliona ngati losafunikanso.

Apa ndi pamene kompyuta imabweretsa chinthu chimene pepala silingathe. Onse asanu ndi mmodzi angalembe nthawi imodzi. Kabokosi kakaikidwa polakwika amangokakoka n'kukasiya pena, popanda chofufutira ndiponso popanda manyazi. Pa bokosi angamangirirepo chithunzi, kanema, kapena mapu ena athunthu a gulu lina. Ndipo mapulogalamu ambiri amasunga mbiri ya ntchito yonse, moti mphunzitsi angabwerere m'mbuyo n'kuona amene anaika chiyani, nthawi yanji, ndi amene anachisintha.

Zida zimenezi zinabwera pang'onopang'ono. Mu 1994 Mike Jetter, wolemba mapulogalamu wa ku Germany, anapanga pulogalamu imene pambuyo pake inatchedwa MindManager, ndipo anaiyamba ali m'chipatala kulandira chithandizo cha khansa ya m'magazi. Kenako kunabwera FreeMind, yaulere, imene aliyense angaike pa kompyuta yake. Mu 2007 Michael Hollauf ndi Till Vollmer anatulutsa MindMeister, yogwira ntchito pa intaneti penipeni, yolola anthu okhala kutali kujambula mapu amodzi nthawi imodzi. RealtimeBoard, imene inayamba mu 2011, inasintha dzina kukhala Miro mu 2019, kutangotsala chaka kuti mliri wa Covid-19 utseke sukulu padziko lonse n'kukankhira aphunzitsi ambirimbiri ku mabolodi a pa intaneti.

Komabe njira yochititsa chidwi koposa yogwirizanitsira ana inapangidwa zonsezi zisanafale. M'zaka za m'ma 1990, Alberto Cañas, katswiri wa makompyuta wa ku Costa Rica, ndi anzake a ku bungwe la IHMC mumzinda wa Pensacola ku Florida, anagwirizana ndi kampani ya IBM pa ntchito yotchedwa Quorum yolumikiza sukulu za m'mayiko a Latin America. Iwo anaona ngozi imene aphunzitsi onse amaidziwa: ukalola mwana kuona ntchito ya mnzake, amangokopera. Anachita chotani? Mwana aliyense ankajambula mapu akeake, anzake osawaona. Pulogalamu inkasandutsa mabokosi awiri alionse ndi mawu owalumikiza kukhala chiganizo, monga "mbalame zili ndi nthenga". Mwanayo ankasankha ziganizo zimene akufuna kugawana n'kuzitumiza pamalo amodzi a kalasi yonse, amene anawatcha Knowledge Soup. Zinali ngati mphika wa pa dima umene upatsidwamo molingana ndi zimene wabweretsa: mwana ankangoona ziganizo za anzake zokhudzana ndi zimene iye watumiza. Wosatumiza kanthu sankaona kanthu. Wofuna kuona zambiri ankayenera kuganiza zambiri.

Chiganizo chikatumizidwa, aliyense ankatha kuchitsutsa, ndipo mwini wake ankayenera kuchiteteza kapena kuchikonza. Anawonjezeranso kapulogalamu kena kamene anakatcha The Giant, chimphona chimene chinkawerenga ziganizo za ana n'kumalumikiza chokha, nthawi zina molondola, nthawi zina molakwika mpaka kuseketsa, kenako n'kufunsa anawo ngati chanena zoona. Mwana wa pulaimale ankakhala mphunzitsi wa chimphonacho, ndipo pochiwongolera ankazindikira pamene chiganizo chake chomwe chinali chosamveka. Luso la Knowledge Soup linalowa mu CmapTools, pulogalamu yaulere ya IHMC imene Panama inadzagwiritsa ntchito, ndipo Novak mwiniwake anagwira ntchito ndi bungweli kwa zaka zambiri atapuma ku Cornell.

Ku Tübingen m'dziko la Germany, Tanja Engelmann ndi Friedrich Hesse anayesa mbali ina ya nkhaniyi pa ophunzira a pa yunivesite. Anawaika atatuatatu, aliyense m'chipinda chake, n'kuwapatsa ntchito yopulumutsa nkhalango yongopeka posankha mankhwala ophera tizilombo ndi feteleza woyenera. Aliyense anapatsidwa gawo chabe la zofunika kudziwa. Magulu ena ankangolankhulana, pamene ena ankaonanso pa sikirini mapu a anzawo awiriwo. Amene ankaona mapu a anzawo anafika msanga pa mfundo zenizeni ndipo anathetsa vutolo mofulumira, chifukwa sanataye nthawi kufunsana kuti ndani akudziwa chiyani.

Kodi ana amaphunziradi?

Umboni ulipo, ndipo ndi wokwanira kuukhulupirira, ngakhale kuti sufika pamene otsatsa malonda amaufikitsa. Mu 2006 John Nesbit ndi Olusola Adesope anasonkhanitsa kafukufuku 55 wokhudza ophunzira 5,818, kuyambira a pulaimale mpaka a pa yunivesite, ndipo anapeza kuti mapu amathandiza kusunga zophunzira kuposa kungowerenga, kumvera mphunzitsi kapena kukambirana wamba. Mu 2018 Noah Schroeder ndi anzake, kuphatikizapo awiri aja, anabwereza ntchitoyo ndi ophunzira 11,814. Phindu linaonekanso, ndipo chinaonekera bwino n'chakuti ophunzira amene anajambula okha mapu anapindula kwambiri kuposa amene anangowerenga mapu ojambulidwa kale.

Pa mapu a nthambi a Buzan kafukufuku ndi wocheperapo. Wodziwika kwambiri ndi wa 2002, pamene Paul Farrand ndi anzake anapatsa ophunzira zaudokotala 50 a ku London nkhani ya mawu 600. Patatha sabata, amene anagwiritsa ntchito mapu anakumbukira zochuluka ndi pafupifupi 10 peresenti. Koma ophunzira omwewo ananena kuti chidwi chawo pa njirayi chinali chochepa poyerekeza ndi anzawo amene anawerenga mwa njira yawo ya masiku onse. Aphunzitsi ayenera kuimva bwino mfundo imeneyi: wophunzira amene wakhoza mayeso zaka zonse poloweza sakondwa ukamulanda njira imene yamufikitsa pamene ali.

Ku Africa kuno njirayi inayesedwa kale kwambiri, makompyuta asanafike m'makalasi. Peter Okebukola wa ku Nigeria, amene pambuyo pake anatsogolera bungwe loyang'anira mayunivesite m'dzikolo, anachita kafukufuku ndi Olugbemiro Jegede mu 1988 ndipo anapeza kuti ophunzira amene anajambula mapu mothandizana anamvetsa bwino kuposa amene anajambula aliyense payekha. Iwo ankagwiritsa ntchito pepala ndi pensulo basi.

Pali zochenjeza ziwiri zimene sukulu iliyonse iyenera kuzidziwa isanawononge ndalama. Choyamba chinachokera ku yunivesite ya Purdue. Mu 2011 Jeffrey Karpicke ndi Janell Blunt analemba m'magazini ya Science kuti ophunzira amene anawerenga nkhani, n'kuitseka, n'kulemba zonse zimene akukumbukira, anakhoza bwino patatha sabata kuposa amene anajambula mapu nkhaniyo ili patsogolo pawo. Zinatero ngakhale pamene mayeso ake anali ojambula mapu. Ambiri anaona ngati mapu agwa nazo. Koma mu 2014 ofufuza omwewo anaonetsa kuti mapu ojambulidwa buku litatsekedwa amathandiza mofanana ndi kulemba ndime kuchokera m'mutu. Chimene chinalephera ndi kukopera kuchoka m'buku kupita m'timabokosi, ndipo pa kompyuta kukopera koteroko n'kosavuta kuposa kale lonse.

Chachiwiri chinachokera ku Canada, kumene Wolff-Michael Roth ndi Anita Roychoudhury anatsata ophunzira fizikisi a ku sekondale pamene ankajambula mapu m'magulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anaona ana akukambirana za sayansi kwa nthawi yaitali, mozama, kuposa mmene amachitira pa ntchito zina. Koma anaonanso kuti nthawi zina gulu lonse linkagwirizana pa mfundo yolakwika, popanda woitsutsa, ndipo inkakhazikika. Mgwirizano wa gulu sutsimikizira kuti gululo lalondola. Mphunzitsi ayenera kuwerenga mapuwo, kamzere ndi kamzere.

Funso ndilo limaumba mapu

Ku Panama, ntchito yaikulu inakhala yosintha aphunzitsi. Masabata awiri anali okwanira kuphunzira kukoka mabokosi ndi kusunga ntchito pa seva, koma sanali okwanira kusintha chizolowezi cha zaka zambiri. N'chifukwa chake alangizi ankayendera sukulu pambuyo pa maphunziro, ndipo Cañas, Novak, Miller ndi anzawo anakonza muyeso woonera mapu: kodi pa timizere pali mawu, kodi m'mabokosi muli mfundo zazifupi kapena ndime zathunthu zokopera, kodi nthambi imodzi ikulumikizana ndi inzake ya kutali? Kulumikiza nthambi zotalikirana n'kumene Novak ankakuona ngati chizindikiro chakuti munthu wayamba kuganiza payekha.

Anaonanso kuti mapu ambiri ankangotchula zinthu ndi mitundu yake: nyama zili ndi magulu awa, dziko lili ndi zigawo izi. Gwero lake linali funso la mphunzitsi. Kafukufuku wa Natalia Derbentseva ndi Frank Safayeni a pa yunivesite ya Waterloo, pamodzi ndi Cañas, anaonetsa kuti funso lofunsa kuti chinthu n'chiyani limabala mapu otchula mayina, pamene funso lofunsa mmene chinthu chimagwirira ntchito limabala mapu ofotokoza chimene chimayambitsa chinzake. "Nkhalango n'chiyani?" lipatsa mphunzitsi mndandanda wa mitengo ndi nyama. "Chimachitika n'chiyani kumtsinje mitengo ya m'phiri ikatha?" likakamiza ana kulumikiza mvula, mizu, dothi ndi madzi osefukira, ndipo pamenepo gulu lili ndi chokambirana.

M'dziko la Costa Rica, loyandikana ndi Panama, Otto Silesky, mkulu wa sukulu ya Instituto de Educación Integral ku San José, analowetsa mapu m'maphunziro onse a sukulu yake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Monga mmene Novak anafotokozera pambuyo pake, chaka choyamba zotsatira za mayeso a boma zinatsika pamene aphunzitsi ndi ophunzira ankazolowera njira yatsopanoyo. Zaka zotsatira zinakwera kwambiri mpaka kufika pamene olemba mayeso onse ankakhoza. Imeneyi ndi sukulu imodzi yokha, yokhala ndi mtsogoleri wolimba mtima, ndipo sitinganene kuti paliponse zidzatero. Chofunika kuchigwira ndi chaka choyambacho. Mkulu wa sukulu amene sanauze makolo ndi komiti kuti kutsika kotere kungachitike adzasiya njirayi isanabale kanthu.

Nanga kalasi ya ana 90?

Mphunzitsi wa kwathu kuno angafunse funso loyenera. Kuwerenga mapu kamzere ndi kamzere n'kotheka ukakhala ndi ana 25. Chiyambireni maphunziro aulere a pulaimale ku Malawi mu 1994, makalasi a ana oposa 80, ngakhale 100, si achilendo. Ndani angawerenge mapu onsewo usiku umodzi?

Yankho lina likuchokera ku Japan. Tsukasa Hirashima wa pa yunivesite ya Hiroshima anakonza njira yotchedwa Kit-Build. Mphunzitsi amajambula mapu a phunziro la tsikulo, koma sawaonetsa ana. Pulogalamu imawaphwasula kukhala mabokosi ndi timizere tosalumikizana, ndipo mwana aliyense amawamanganso pa tabuleti molingana ndi mmene wamvera. Popeza zidutswa n'zofanana kwa onse, kompyuta imatha kusanjikiza mapu a kalasi yonse nthawi yomweyo n'kuonetsa mphunzitsi kamzere kamene ana ambiri aphonya kapena alumikiza molakwika. Mphunzitsi amabwereza pomwepo phunziro lisanathe, kapena amakhazika pamodzi ana awiri amene mapu awo asiyana kuti afotokozerane. Njirayi imachepetsa ufulu wa mwana, popeza sangabweretse mfundo yakeyake, koma imapatsa mphunzitsi wa kalasi yaikulu maso amene analibe.

Matabuleti ayamba kale kufika m'sukulu zaboma za ku Malawi kudzera mu ndondomeko ya BEFIT imene inayamba mu 2023, ngakhale kuti amenewo ndi ophunzirira kuwerenga ndi masamu a Sitandade 1 mpaka 4, mwana aliyense payekha. Malo amene mapu ojambula pamodzi angayambire mosavuta ndi m'makoleji a aphunzitsi ndi m'mayunivesite, kumene ophunzira ambiri ali ndi foni kapena laputopu ndipo ntchito za m'magulu ndi za sabata iliyonse. Kumeneko phindu lina ndi la chilungamo. Dandaulo lakale la ophunzira n'lakuti wina sanagwire ntchito koma walandira malikisi ofanana ndi onse. Mbiri imene pulogalamu imasunga imaonetsa dzanja la aliyense. Koma mphunzitsi asawerenge mabokosi okha, chifukwa amene anaika mabokosi makumi awiri okopera sanapose amene anakonza liwu limodzi lolakwika pa kamzere.

Aphunzitsi nawonso angapindule paokha. A bayoloje, a zaulimi ndi a jogalafe kawirikawiri amaphunzitsa za kukokoloka kwa nthaka m'materemu osiyana, aliyense osadziwa zimene mnzake wanena. Mapu amodzi a silabasi, otseguka kwa onse atatu, amaonetsa pamene akubwerezana ndi pamene onse akusiya poganiza kuti mnzawo aphunzitsa.

Mtengo, magetsi ndi umwini

Chotsala ndi kusankha chida, ndipo apa sukulu zambiri zimathamanga. Mapulogalamu otchuka a pa intaneti amakopa ndi gawo laulere, koma gawolo ndi lopanikiza: MindMeister ndi Miro akhala akulola mapu kapena mabolodi atatu okha osinthika kwa wosalipira. Kupitirira apo ndi ndalama zakunja, mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, kuwerengera munthu aliyense. Amafunanso intaneti yosadukaduka, ndipo bandulo imatha msanga ana makumi angapo akatsegula bolodi limodzi. Mapu aakulu savuta pa laputopu, koma pa sikirini ya foni munthu amangoona kachigawo, chonsecho phindu la mapu ndi kuona zonse pamodzi.

Mapulogalamu oika pa kompyuta, monga Freeplane, imene inatuluka mu FreeMind, kapena CmapTools, sadalira intaneti kuti munthu ajambule. Seva ikakhala pasukulu pomwepo, makompyuta a m'chipinda chimodzi angagawane mapu ngakhale netiweki ya kunja itapita. Maonekedwe ake ndi achikale poyerekeza ndi a makampani, ndipo pamafunika munthu mmodzi pasukulu wodziwa kuwasamalira, koma ntchito ya ana imakhala m'manja mwa sukulu.

Kuti umwini ndi nkhani yaikulu, aphunzitsi anazionera pa Jamboard. Bolodi la pa intaneti limeneli la kampani ya Google linali laulere, losavuta, ndipo pa nthawi ya mliri linalowa m'makalasi osawerengeka. Aphunzitsi anamangirapo maphunziro a zaka zingapo. Kumapeto kwa 2023 Google inalengeza kuti ilitseka. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 palibe akanathanso kulemba kapena kusintha kanthu, ndipo pa 31 Disembala chaka chomwecho linatsekedwa. Kampaniyo inalangiza anthu kusamukira ku FigJam, Lucidspark kapena Miro, za makampani ena okhala ndi malamulo ndi mitengo yawoyawo. Amene sanasamutse ntchito yawo pa nthawi yake anatsala ndi mafayilo a PDF, amene angawerengedwe ndi kusindikizidwa, koma kalasi ya chaka chotsatira singakokemo bokosi kapena kusintha liwu pa kamzere.